Firiji yomwe inandiyendetsa masiku 43

Ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo geni yanga ndi ya zozizira: mafirizesi a malambe, thobwa la m'mabotolo, nkhuku zososola kale ndi kalapawo. Kwa zaka ziwiri ndinkachita geniyi ndilibe firiji yangayanga. Ndinkasungitsa katundu kwa amayi ena oyandikana nafe, n'kumawapatsa kangachepe pa sabata kothandizira mayunitsi a magetsi. Ndi munthu wabwino, koma chinthu cha mwini n'cha mwini. Kasitomala akabwera m'mamawa ndinkachita kukagogoda anthu ali mtulo, ndipo iwo akapita kumaliro kumudzi, geni yanga nayonso inkakhala ili pamaliro.

Ndiye mu 2023 ndinati chaka chino zivute zitani ndigula yanga, nyengo yotentha isanadutse. Ndalama ndinaisonkhanitsa patatu. K150,000 inali ya chipereganyu, K80,000 ndinkaisunga pang'onopang'ono mu foni, ndipo K200,000 ndinakongola ku banki m'khonde yathu, komwe chiwongoladzanja chake ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Zonse pamodzi K430,000, osawerengera kena kapadera kolipira galimoto. Nambala imeneyi muikumbukire, chifukwa ndi imene inandipusitsa.

Linali Loweruka pa 14 Okutobala, mawa lake kuli Tsiku la Anakubala, ndipo mu Limbe munali anthu osati masewera, aliyense akusakira mayi ake chitenje. Ndinalowa masitolo atatu. Firiji yogona ya malita 200 paliponse inali yopitirira ndalama yangayo. Mu sitolo yachinayi mnyamata wina anandilandira ngati wandidziwa kalekale.

"Madamu, takulandirani. Mukufuna yogona kapena yoimirira?"

Ndinamulozera yomwe ndinkafuna. Anati K465,000. Nditatembenuka kuti ndizipita, ananditsatira mpaka pakhomo n'kutsitsa mawu.

"Mayi anga, imeneyo ndi ya lisiti la makina. Tikapanda kuikhoma m'makina, abwana akhoza kulola 430. Waranti ndi yomweyo, chaka chathunthu. Ikangovuta mubwere nayo, ine ndimapezeka pompano."

Mtima unagunda. Ndalama yeniyeni yomwe inali m'chikwama mwanga! Ndinaona ngati Mulungu wayankha. Ndinapereka K350,000 pamanja, ndipo K80,000 ndinatumiza pa Airtel Money ku nambala ya sitoloyo. Anandipatsa kapepala kong'ambidwa m'kabuku, kolembedwa ndi bolopeni mawu atatu okha: mtundu wa katundu, kukula kwake, ndi kuti ndalipira. Panalibe tsiku, panalibe chidindo, panalibe dzina la sitolo, ngakhale nambala ya firijiyo. Khadi la waranti linali mkati mwa firiji m'kajumbo pamodzi ndi kabuku ka malangizo, losalembedwa kalikonse. Sindinafunse. Paja safunsa anadya phula.

Patapita nthawi mwana wanga wa ku sekondale anandiwerengera bwinobwino. Nthawi imeneyo msonkho wa VAT unali 16.5 peresenti, kutanthauza kuti pa K465,000 ija, pafupifupi K66,000 inali ya boma. Iwo anandichotsera K35,000 yokha, yotsalayo n'kulowa m'thumba mwawo. Ine ndinkadziona ngati ndachenjera, chonsecho ndinawathandiza kuzemba msonkho, iwo n'kupindula, ine n'kutsala wopanda umboni woti ndinagula chinthu m'sitolo mwawo. Lisiti la makina lija a MRA amatiuza pa wailesi kuti tizifunsa limakhala ndi dzina la sitolo, tsiku ndi nthawi. Ndikanangobwerera kunyumba n'kudikira sabata imodzi kuti ndalama ikwane.

Kuyesa kwake kunali kwa mphindi imodzi. Anailumikiza ku magetsi, kanyale kobiriwira n'kuyaka, n'kumveka kulira kwa pansipansi. "Mwamva? Yatsopano iyi." Basi. Tsopano ndikudziwa kuti kulira sikuzizira. Uyenera kudikira mphindi 15 kapena 20 kenako n'kugwira khoma la mkati, liyenera kuyamba kuti zii. Wogulitsa akamakufulumizitsa, umuuze kuti ukagula zina kaye ubweranso, aisiye ili choyaka.

Galimoto ndinapeza kapikapu ka hayala pa K12,000, koma dalaivala anali atatenga kale katundu wa munthu wina wa njira yomweyo, matiresi awiri ndi matumba a simenti. Kuti firiji ikwane anaiimika chambali, mutu m'mwamba, n'kuimanga ndi chingwe. Amene mumadziwa misewu yolowera m'makwalala a ku Bangwe mukudziwa mmene inagwedezekera. Titafika, ana ndi anansi atazungulira, ine chimwemwe chili tsaya, ndinailumikiza nthawi yomweyo.

Apa ndinalakwitsa kawiri. Mu kompuresa mumakhala mafuta, ndipo firiji ikapendekeka mafutawo amatha kulowa m'timapaipi toyenda gasi. Ikafika pakhomo imayenera kukhala mmene imakhalira kwa maola angapo isanayatsidwe, ndipo ngati inayenda chopendekeka ngati yangayi, bola kuisiya mpaka mawa. Zinalembedwa m'kabuku kaja, koma ndani amawerenga kabuku ana akuvina? Chachiwiri, ndinalibe firiji gadi, kachipangizo kaja kamalumikizidwa pakati pa soketi ndi firiji. Magetsi akazima n'kuyakanso, kamadikira kaye mphindi zingapo kasanawalole kudutsa, ndipo akabwera amphamvu kwambiri kapena ofooka kamawatsekereza. M'sitolo muja palibe anandiuza za kachipangizoka pogula. Anadzakakumbuka pa tsiku lokana mlandu.

Masabata awiri ndi theka zinthu zinayenda. Dzuwa likuswa mtengo, ana a sukulu akuchita kulimbirana mafirizesi, ine osagogodanso pakhomo pa munthu. Ndinayamba kuwerengera kuti pofika Disembala ngongole ikhala itatha.

Lachinayi pa 2 Novembala ndinadzuka cha m'ma 5 koloko n'kuponda madzi pabalaza. Ndinayamba ndakalipira ana kuti ndani wataya madzi. Kutsegula chivindikiro, fungo linandiuza zonse. Mafirizesi oposa 200 anali atasanduka madzi, katoni ya kalapawo itafewa, nkhuku 14 zikuyandama m'madzi ofiirira. Magetsi analipo, kanyale kakuyaka bwinobwino. Kumbuyo kunkamveka ng'ii pang'ono, kenako thee, n'kukhala chete, pakapita mphindi zingapo chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo osadziwa kuti chitenje chikunyowa.

Amene anandipulumutsa ndi amayi omwe aja ndinasiya kusungitsako katundu, omwe kunena zoona ndinali nditayamba kuwapatsa moni wapatali. Anabwera ndi beseni osanena zambiri, tinasankha nkhuku zomwe zinali zikadali zozizira mkati, iwo n'kukaziika mu firiji yawo. Zina tinawamba, zina ndinagulitsa motchipa tsiku lomwelo. Kalapawo yense anapita kudzala. Katundu amene ndinaluza tsikulo anali wa ndalama pafupifupi K70,000.

Ndinamuimbira mnyamata uja. Anati abwana kulibe, ndibwere nayo Lolemba. Lachinayi mpaka Lolemba, nyengo yotentha, geni itaima! Apa ndi pamene mlamu wanga anati ali ndi mnzake wokonza mafiriji pamsika, munthu wodziwa ntchito, bwanji angoiona mwina ndi kanthu kakang'ono. Anabwera madzulo ndi chikwama cha zida. Anamasula chitsulo chotchinga kumbuyo, ndipo pomasulapo anang'amba kasitika kena komwe kanamatidwa pa sikuluwu. Ndinakaona kakung'ambika koma sindinadziwe ntchito yake. Anasintha kachipangizo kolizira kompuresa, n'kuyesa, osatheka. Anapukusa mutu.

"Alamu, kompuresa yapita iyi. Bwererani nayo komwe munagula."

Ndinamulipira K15,000 ya kachipangizoko ndi ntchito. Sindimuda, ananena zoona ndipo sanadule paipi iliyonse. Koma chinthu chikadali pa waranti, musalole munthu wina aliyense kuchitsegula, ngakhale atakhala m'bale wanu wodziwa bwanji. Kasitika kameneko n'kamene sitolo imayamba kuyang'ana.

Lolemba pa 6 Novembala ndinalipiranso K12,000 kupita nayo ku Limbe. Nkhope zija zinandisekerera tsiku logula zinali zitasintha. Mnyamata uja anali otanganidwa ndi kasitomala wina kwa ola lathunthu. Kenako kunabwera wina wooneka ngati kapitawo, n'kuzungulira firijiyo, n'kuwerama kumbuyo.

"Mwaitsegula kale iyi. Komanso munali ndi gadi? Awa ndi magetsi awa, mayi. Lisiti lili kuti?"

Ndinatulutsa kapepala kaja. Anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuona chinthu chachilendo, n'kufunsa kuti analemba ndani. Mnyamata uja maso anali pansi. Kapitawoyo anandilozera chikwangwani chomwe chinali pamwamba pa kauntala, cholembedwa m'Chingerezi kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Tsiku logula sindinachione n'komwe. Nditachonderera, anati chabwino, isiyeni amisiri athu aione, mubwere Lachitatu.

Ndinaisiya. Ndinatuluka m'sitolomo wopanda kapepala kalikonse kosonyeza kuti firiji yanga yatsala m'manja mwawo. Ndili mu minibasi m'pamene zinandifika kuti tsopano ndilibe firiji, ndilibe ndalama, ndilibe lisiti. Akanafuna kunena kuti sakundidziwa, ndikanaloza chiyani? Mukasiya katundu kuti akonzedwe, kaya ndi foni, wailesi ya kanema kapena firiji, akulembereni tsiku, nambala ya katunduyo, vuto lake ndi dzina la amene walandira. Akakana, muujambule katunduyo ali m'sitolo momwemo.

Lachitatu lomwe anandiuzalo, pa 8 Novembala, ndi tsiku limene Reserve Bank inalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Patangopita masiku awiri petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Nditapita Lachinayi ndinapeza sitolo ili yotseka, ati akuwerengera katundu. Atatsegula, firiji yofanana ndi yanga inali italembedwa K670,000. Nthawi imeneyo sindinaone kuti zikundikhudza bwanji, ndinkangodandaula za minibasi yomwe inakwera.

Kuyambira pamenepo inali nyimbo ya mawa. Amisiri sanabwere. Amisiri abwera koma alibe zida. Abwana apita ku Lilongwe. Abwana abwera koma ali pa foni. Zipangizo zikuchokera kunja, ndalama zakunja zikusowa. Mnyamata uja anasiya kuyankha foni, pa WhatsApp n'kumangowerenga osayankha. Ndinayenda maulendo 9, uliwonse K2,000 kupita ndi kubwera, ndipo ulendo uliwonse unkandidyera theka la tsiku. Chimene chinkandiwawa kwambiri si kudikirako ayi, koma kusaonedwa. Umaima pa kauntala, munthu akukuona, n'kumaitana amene walowa pambuyo pako chifukwa iyeyo wabwera ndi ndalama. Tsiku lina ndinaiona firiji yanga pakona kuseri, pamwamba pake ataikapo makatoni ndi mbale ya nsima ya wina. Fumbi lomwe linali pachivindikiro linandiuza kuti palibe mmisiri anaigwirapo.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinaphulika. Ndinakuwa m'sitolo muja, ndinawatchula akuba, ndinauza makasitomala kuti asagule kanthu. Anthu anasonkhana pakhomo, ena akujambula ndi mafoni. Mlonda anandigwira pamkono mwaulemu ndithu, akuti, "Amayi, tiyeni panja, musandichotsetse ntchito." Ndinakhala pakhonde la sitolo ina n'kulira ngati mwana. Kukuwako kunanditsitsa mtima kwa mphindi khumi, koma sikunasunthe firiji ngakhale pang'ono. Kunangowapatsa chonena, kuti mayi uja ndi wolongolola.

Kumudzi kwathu nako nkhani inali itafala. Ena ankati ndi nsanje za anthu, firiji yatsopano singafe yokha, ndipite ndikaipempherere. Ena ankati ndingozisiya m'manja mwa Mulungu, anthu a ndalama sungalimbane nawo. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi aliyense anali ndi nkhani yake: wina ketulo yomwe inapsa tsiku lachiwiri, wina batire la sola lomwe silinathe mwezi, wina nsapato za mwana zomwe zinamatuka sabata yoyamba ya sukulu. Ndikafunsa kuti ndiye munatani, yankho linali limodzi: "Aaa, tinangozisiya." Timadandaula kwambiri pa mpopi ndi mu minibasi, koma kwa mwini sitolo timafika titapinda manja ngati tikupempha chithandizo. Inenso ndinatsala pang'ono kuzisiya. Chinandiletsa ndi K40,000 ya chiwongoladzanja yomwe inkandidikira mwezi uliwonse ku banki m'khonde. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zinthu zinatembenuka Lamulungu lina kumapeto kwa Novembala. Titaweruka ku tchalitchi, abambo ena achikulire omwe anapuma ntchito ya ukalaliki anandiimitsa, atamva nkhaniyi kwa akazi awo. Ndinawafotokozera zonse, mokwiya, mosatsata ndondomeko. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

"Mwana wanga, zonse mwanenazi mwazilemba pati?"

Ndinati palibe. Anati ndipite kwawo mawa lake ndi foni yanga, kapepala kaja, ndi chilichonse chokhudza firijiyo.

Ine ndinkaganiza kuti ndilibe umboni, koma titakhala pansi unapezeka. Uthenga wa Airtel Money wa K80,000 unali ukadali mu foni, uli ndi tsiku, nthawi ndi dzina la sitolo. Pa WhatsApp panali mauthenga a mnyamata uja, umodzi wa pa 2 Novembala wonena kuti ndibwere nayo Lolemba poti ili pa waranti, wina wonena kuti amisiri sanaionebe. Ameneyu anali kuvomera yekha kuti firiji ili kwa iwo. Khadi la waranti, ngakhale linali losadinda, linali ndi nambala ya firijiyo. Ndiponso mwana wanga anali atajambula zithunzi tsiku lomwe inafika pakhomo. Musamafufute mauthenga a ndalama kuti foni ipepuke, ine anandiombola ndi amenewo.

Abambowo ndi amene anandiuza za bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC, lomwe limaona kuti malonda azichitika mwachilungamo ndipo limalandira madandaulo a ogula. Ine ndinkangodziwa za CAMA, bungwe loimira anthu ogula, chifukwa cha a John Kapito omwe timawamva pa wailesi mitengo ikakwera. Anandiuzanso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso kuti chikwangwani chija choti katundu sabwezedwa sichichotsa ufulu wa munthu amene wagulitsidwa chinthu chowonongeka, moti a CFTC akhala akuchenjeza eni masitolo kuti asamapachike zikwangwani zotere. Ine ndinali nditachiopa masabata atatu ngati ndi lamulo la boma.

Kalata yake inali ya tsamba limodzi. Munalibe mawu onyoza ngakhale amodzi. Tinalemba tsiku logula, ndalama, nambala ya firiji, tsiku lomwe inafa, tsiku lomwe ndinaibweza, ndi masiku onse omwe ndinapitako. Ine ndinkafuna tibise za mmisiri wa pamsika uja, koma iwo anakana. Anati akudziwa kale, ndipo bodza limodzi likapezeka m'kalata, zoona zonse zimafera pomwepo. Tinalemba kuti anasintha kachipangizo kamodzi firiji itafa kale, osakhudza gasi kapena kompuresa. Kumapeto tinati ndikupempha kuti aikonze kapena andipatse ina yofanana nayo pasanathe masiku 7, apo ayi ndikatula nkhaniyi ku CFTC pamodzi ndi umboni wonse, kuphatikizapo kapepala kolemba pamanja kaja. Mawu omalizawa anawalemba akumwetulira. Anati sitolo yogulitsa katundu popanda lisiti la makina siingakonde kuti kapepala kotere kafike mu ofesi ya boma iliyonse.

Ndinakataipitsa makope awiri pa K1,500. Anandilangiza kuti ndikavale ngati ndikupita ku tchalitchi, ndisakakweze mawu, ndikapemphe kuonana ndi mwini wake osati anyamata, ndipo kope yanga akasayinepo kuti alandira.

Kapitawo uja atawerenga kalatayo sanandiuze kuti abwana kulibe. Analowa nayo mkati, ndipo pasanathe mphindi 10 ndinaitanidwa mu ofesi yomwe masabata onsewa ndinkangoona chitseko chake. Anandipatsa mpando. Abwanawo analankhula mofatsa, akuti nkhaniyi sankaidziwa bwinobwino, anyamata sanawafotokozere. Kaya n'zoona kaya ayi. Kenako anatsegula kabati.

"Mayi, tisavutane. Tikubwezereni K430,000 yanu pompano, nkhani ithe."

Kunena zoona dzanja langa linanyamuka lokha. Masabata onse aja ndinkalota ndalama imeneyi. Ndikanatseka ngongole tsiku lomwelo n'kugona tulo. Koma polowa ndinali nditadutsa pa firiji ija yolembedwa K670,000. Ndikanalandira ndalamayo, iwo akanakonza firiji yanga n'kuigulitsa pamtengo watsopano, ine n'kutsala ndi ndalama yosakwana kugula ngakhale yaing'ono. M'pamene ndinamvetsa kuti kuchedwa konse kuja kunkapweteka ine ndekha, iwo ayi. Ndinabweza dzanja.

"Pepani bwana, ine sindinabwere kudzatenga ndalama. Ndinagula firiji, ndikufuna firiji."

Tinakambirana pafupifupi ola. Yatsopano anakana, chifukwa cha kasitika kaja ndi nkhani ya gadi, ndipo pamenepo ndinalibe poimira polimba. Mpaka lero palibe angandiuze motsimikiza chomwe chinapha kompuresa ija, kaya inabwera yofooka kale, kaya ndi ulendo wa chopendekeka uja, kaya ndi magetsi. Tinagwirizana kuti iwo aika kompuresa yatsopano mwa ndalama zawo, ine ndilipira K60,000 ya gasi ndi mmisiri, ndipo andipatsa waranti ya miyezi 6 yolembedwa, yodinda. Ulendo uno sindinadzuke pampando mpaka zonsezi zitalembedwa kuseri kwa kope yanga ya kalata ija, iwo n'kusayina. Mwina ndikanapitadi ku CFTC ndikanapeza zoposa pamenepa. Ndinali nditatopa, ndipo Khirisimasi inali pafupi.

Potuluka mnyamata uja ananditsatira mpaka panja. Anati, "Mayi anga, mundikhululukire. Ifetu timalipidwa malinga ndi zomwe tagulitsa, katundu akabwerera amatidula." Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo. Pano ndimamumvetsa pang'ono, ngakhale kuti zimene ananenazo sizinandibwezere kalapawo wanga. Chomwe ndinatolapo n'chakuti masabata atatu ndinkakangana ndi munthu amene analibe mphamvu yondithandiza, ndiponso amene akanaluza akanandithandiza.

Masiku 7 aja anakhala 15, koma ulendo uno ankayankha foni. Firiji inabwerera kunyumba Lachiwiri pa 19 Disembala, patatha masiku 43 chiisiyireni. Galimoto inali K18,000 tsopano, ndipo ndinakana kuti akwezemo katundu wina aliyense. Tisananyamuke ndinaiyatsitsa m'sitolo momwemo kwa theka la ola mpaka mkati munachita chisanu. Gadi ndinakagula sitolo ina pa K22,000, ndi lisiti la makina. Itafika kunyumba inagona usiku wonse osayatsidwa, ana akundiseka kuti amayi akuopa firiji.

Nditakhala pansi ndi kope langa la geni, ndinapeza izi: katundu wowonongeka K70,000, mmisiri wa pamsika K15,000, magalimoto awiri owonjezera K30,000, maulendo K18,000, kukonzetsa K60,000, ndi chiwongoladzanja cha miyezi iwiri yomwe ndinalephera kubweza ngongole K80,000. Zonse K273,000, osawerengera phindu la Novembala yense, mwezi womwe mafirizesi amayenda kuposa mwezi wina uliwonse. Pamene firiji inkabwera mvula inali itayamba, ana a sukulu ali pa holide. Zonsezi pofuna kupulumutsa K35,000.

Pogawana ndalama za banki m'khonde sabata yomweyo, anzanga anandidula ngongole yonse pa masheya anga. Ena ananyamula ndalama zogulira feteleza ndi zovala za ana, ine ndinabwerako ndi K31,000 ndi paketi ya shuga yomwe gulu linagulira aliyense. Palibe anandiseka. Msungichuma wathu anapempha kuti ndibwere ndi kalata ija pa msonkhano wotsatira, ndipo amayi atatu anaijambula pa foni. Mmodzi anakaigwiritsa ntchito pa nkhani ya batire la sola, anangosintha masiku ndi ndalama.

Firijiyo ikugwirabe ntchito mpaka pano. Kalata, khadi lodinda ndi lisiti la gadi zili m'jumbo yomwe ndinaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Mbali ya kumanzere mkati mwa firijimo ndinaisiyira amayi oyandikana nafe aja, poti yawo inayamba kuvuta chaka chathachi. Akabwera ndi ndalama ya mayunitsi ndimawabwezera, iwo n'kuisiya pa tebulo, ine n'kutuma mwana kuti akawapatse. Sabata ino ndalamayo ili kwa iwo.